Musaboole Denga Langa

9 Malichi

Okondedwa amake Gologolo,

Choyamba ndifunse moyo. Mukudzuka bwanji kumeneko, inu ndi mwana wathuyo? Bondo lija likukulolani kufika kumsika? Ine kuno ndili bwino, ndikudya, ndikugona, ndipo ntchito ya kumalasha ikuyenda monga mwa masiku onse: sitima ibwere, titsitse, tisese, ina ibwere.

Akundilembera kalatayi ndi Wometa, amene ali ndi kashopu kometera pansi pa nyumba yomwe timagona. Ndamuuza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira m'kamwa, asathiremo mchere wake, ndipo akamaliza andiwerengere ndimve. Musadabwe kuti ndasiya kuimba foni. Imadya ndalama, komanso inu mumavutika kukaitchajitsa kwa Wagolosale. Mawu a pafoni amauluka, a papepala amakhala.

Ndalama ndapatsira dalaivala wa basi yemwe uja. Mugule mankhwala a bondo, chakudya cha nkhuku ndi palafini wa mwezi wonse. Yotsalayo mumugulire mwanayo nsapato zolimba, osati zija zoonetsa zala.

Chithunzi cha satifiketi yake chinafika. Amayi, ndinachiyang'ana mpaka tiyi anazizira. Kuwerenga sinditha, koma dzina lathu ndimalidziwa maonekedwe ake, ndipo ndinaliona litakhala pakati penipeni, chidindo chili pansi pake. Ndachikhoma kumutu kwa bedi. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene timamutcha Fosholo chifukwa salola munthu kugwira fosholo yake, anachiyang'ana n'kunena kuti: "Mlamu, mwana wokongola chonchi ndi wako ndithu? Mphuno iyi si yako ayi." Ndinamuyankha kuti mphuno ndi ya amake, koma mutu ndi wanga.

Tsopano za m'kalata yanu. Gologolo, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera amako, ndiye usadumphe mawu, werenga onse. Ukuti ukufuna ntchito yako yoyamba ikhale kuika sola padenga la kwathu, anthu aone kuti umatha, ayambe kukuitana. Mwana wanga, unakwera mitengo, unakwera mpanda wa sukulu, mpaka dzina lakoli linachokera pomwepo, ndipo sindinakuletsepo. Koma dengalo ayi. Malata amenewo ndinawagula limodzilimodzi ndi msana uno. Lililonse ndimalidziwa chaka chake. Musaboole denga langa.

Komanso kuno anthu sakuinenera zabwino solayo. Akuti imaitana mphenzi. Akuti kukachita mitambo imagona ngati mlonda waulesi. Akuti mabatire ake amafa msanga, ndipo atsopano mtengo wake ndi wa ng'ombe. Wailesi ya Wometa imakhalira zomwezi tsiku ndi tsiku, anthu ophunzira akuimba mafoni. Malasha sagona, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Ndi omwe alipira sukulu wamalizayo.

Sindikunyoza maphunziro ako. Ukaike kwa ena amene akufuna, ine ndidzanyadira. Kwathu nyali ilipo.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Gologolo

20 Epulo

Amake Gologolo,

Moni nonse awiri. Ndamva kuti ululu wa bondo wachepako, ndathokoza kwambiri. Ine ndili bwino, kungoti kachimfine ka fumbi kamene kamandichezera chaka chilichonse kafulumira kubwera. Si kanthu.

Kalata yanu Wometa anandiwerengera ali ndi munthu pampando, ndipo anaseka mpaka kumumeta mwini wake chigamba kuseri kwa khutu. Ndiye mwana wanuyo wamvera bambo ake, eti? Denga la nyumba sanalikhudze, sola wakaika pakhola la nkhuku! Ine kutuluka thukuta zaka zonsezi kuti mkazi wanga azikhala pa nyali ya utsi, nkhuku zili pa magetsi ngati mabwana? Fosholo akuti: "Mlamu, mulembere kalata tambala wakoyo, mwina azikulola kukacheza madzulo. Koma uzigogoda kaye." Nkhaniyi yafika mpaka kwa kapitawo. Ndikamadutsa ndi wilibala, anzanga akumalira kokoliriko.

Gologolo, ndakwiya, koma pang'ono. Lemba choncho, Wometa, pang'ono. Mawu anga sunawaphwanye, wangowazungulira. Nzeru zozungulira zimenezo ndi za kwa amako. Ndikufunse chinthu chimodzi: makwerero anakugwirira ndani? Usamakwere popanda munthu pansi. Khola lija ndi lalifupi, koma munthu amathyoka ngakhale pogwa pampando.

Inu amayi, ndamva kuti madzulo mukumatenga mpando n'kukasokera zovala pakhomo pa khola, poti babu lina analilozetsa panja. Sindikuletsani. Koma palafini musasiye kugula, chinthucho tsiku lina chidzakuzimirani singano ili m'manja.

Zoti Wagolosale akuuza anthu kuti nkhuku zogona pa kuwala zimasiya kuikira, ndiponso kuti mazira ake amadwalitsa, musamuyankhe. Munthu wogulitsa palafini, wotchajitsa mafoni ndi jenereta, mukufuna anene chiyani? Ikuyankhula ndi mimba. Komabe mundiuze zoona, zikuikira kapena ayi?

Kuno nakonso nkhani ndi yomweyo, koma yaikulu. Kampani ina ikufuna kuyala sola chigwa chonse cha kuseri kwa njanji, komwe anthu amadyetsako mbuzi. Akuti ikamaliza, sitima za malasha zichepa, ndipo ena a ife atiuza kuti pitani mukapume. Kukhala msonkhano muholo, ndipo poti payadi pathu potsitsira malasha wamkulu pa zaka ndine, anzanga andisankha kuti ndikayankhule. Ine amene sindinafike patali ndi sukulu, kukaima kutsogolo kwa anthu! Malaya oyera aja munandisokera kolala ndawatulutsa m'sutikesi. Kuno choyera sitiyanika panja, chimada chisanaume, ndiye ndawayanika m'chipinda pamsana pa mpando, zenera lili chitsekere.

Ndalama ya mwezi uno ili ndi dalaivala. Shuga wakwera kuno, sindikudziwa kwanuko.

Mwamuna wanu,
Bambo a Gologolo

1 Juni

Amake Gologolo,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, pamodzi ndi mabwana a m'khola. Ndamva kuti zikuikira ngati kale, ndipo mazira mwadya koma simunadwale. Chabwino. Kuno kwayamba kuzizira. Ine ndilipo, ndikuyenda.

Msonkhano uja unachitika Loweruka. Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mazenera. Kutsogolo kunakhala anthu atatu a kampani, mmodzi mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu, mapepala ali m'manja. Ndiye anapatsidwa ntchito yofotokoza, koma sanamulole kumaliza ngakhale mfundo imodzi. Mayi wina anaimirira n'kufunsa kuti: "Mukayala magalasi anuwo, mbuzi zathu zizidya chiyani?" Funso limenelo linali lolemera, ndipo sanaliyankhe bwino. Bambo wina anakuwa ali kumbuyo: "Dzuwa likalowa tiziunikira chiyani, mano anu?" Holo yonse inafa ndi phwete. Wina anati magalasiwo amathamangitsa mitambo, mvula idzatha. Wina anabwera ndi mbalame yakufa m'pepala la pulasitiki, akuti anaitola pansi pa sola ya kusukulu, ndipo inayenda m'manja mwa anthu mzere ndi mzere, aliyense akupukusa mutu. Mtsikanayo akati afotokoze za mabatire, anthu amvekere: "Bodza! Khala pansi!"

Kenako anaitana ine. Ndinapita ndi malaya anga oyera, ndinaima bwinobwino. Ndinati: "Ine ndagwira malasha kuyambira tsitsi lili bii. Andimangira nyumba, andiphunzitsira mwana. Sanandilakwirepo." Ndinali ndi mawu ena ambiri omwe ndinakonza, koma pamenepo kachifuwa kanandigwira pakhosi. Ndinaima kanthawi nditagwira tebulo. Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndamaliza, ine n'kungowasiya aganize choncho.

Amene anandibweretsera madzi ndi mtsikana wa kampani uja. Anangoti, "Imwani, bambo." Zala zake zinali ndi tizipsera ta waya. Ndinamwa, koma kumaso sindinamuyang'ane.

Gologolo, ndiuze, nawenso amakukuwiza choncho? Amako alemba kuti nyumba ziwiri zomwe zinakuitana zabweza mawu, chifukwa Wagolosale akuuza aliyense wogula sopo kuti, "Ngakhale bambo ake omubala anakana kuti aike padenga pawo." Zimenezi zandiwawa. Ine sindinakane mwana, ndinakana misomali. Ukamuuze choncho. Kapena usamuuze, ndidzamuuza ndekha ndikadzabwera patchuthi mu Okutobala. Koma za denga mawu anga ndi omwe aja.

Fosholo sanapite kumsonkhano, sabata ino yonse wagona. Kuzizira sikugwirizana ndi chifuwa chake. Ndikumuphikira tiyi wa mandimu, koma pakamwa pokha sipanadwale. Nditabwerako anandifunsa kuti: "Mlamu, wawauza?" Ndinati ndawauza. Iye amvekere: "Ndinakumva ndili pano. Unatsokomola momveka bwino, mfundo zonse zinamveka."

Bulangete lija munanena musatumize, lisungeni inu. Langa likadali lolimba.

Ndine wanu,
Bambo a Gologolo

13 Julayi

Amake Gologolo,

Moni. Pepani kuti ndakhala chete. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani. Ine ndilipo.

Fosholo anatisiya. Tinapita naye kuchipatala Lolemba, Lachinayi m'mawa anapuma. Mng'ono wake anabwera kudzatenga thupi, ine ndinalongedza katundu: bulangete, nsapato za kutchalitchi, kawailesi kosayankhula, ndi madiresi awiri a ana omwe anagula kuti adzapite nawo kwawo. Zonse zinakwana m'chikwama chimodzi. Fosholo yake anasiya mawu kuti ikhale yanga. Chigwiriro chake chinachita kulowa pomwe ankagwira, dzanja langa silikukwanapo bwino. Ndaiimika pakona.

Lachitatu nditapita kukamuona anandikoka malaya n'kunong'ona kuti: "Mlamu, ukapita kwanu ukandiperekere moni kwa tambala wa magetsi." Ndinaseka, nayenso anayesa kuseka.

Sabata yomweyo, shopu ina ya pakona pa msewu wathu inagwira moto. Inali ndi sola padenga, ndipo akuti amene anaika analumikiza mawaya mwachinyengo. Munapsa firiji ndi matiresi awiri, munthu sanapse. Amayi, mukanaona anthu! Msewu unatsekeka, aliyense foni m'mwamba kujambula. Kunabwera a nyuzipepala, kunabwera amuna a mataye. Wailesi inakhalira nkhani yomweyo mpaka Lamlungu, anthu akuimba kuti mwaona, tinkanena ife, zinthu izi zitimaliza.

Za Fosholo wailesi sinanene kanthu. Pachikalata cha kuchipatala analemba kuti chifuwa. Payadi anzathu anati inali nthawi yake, kapitawo anati anali munthu wolimbikira, sitima inabwera, tinatsitsa.

Wometa anandiuza akundimeta kuti: "Madala, sola ikapsereza matiresi ndi nkhani ya dziko lonse. Malasha akadya munthu, akuti chifuniro cha Mulungu." Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa, iye fosholo sanaigwirepo. Koma lero ndamuuza kuti awalembe mawuwo, poti akhala akundizungulira m'mutu. Pamasitepe a nyumba yathu ino timadziwana ndi chifuwa. Uli m'chipinda umadziwa kuti amene akukwerayo ndi uje, winayo ndi uje, osaona nkhope. Zakhala choncho kuyambira kale, ndipo tinazolowera ngati momwe tinazolowerera kusayanika zoyera panja. Mbalame ija inayenda m'manja mwa holo yonse. Chifuwa palibe anachiikapo m'pepala la pulasitiki n'kupita nacho kumsonkhano.

Sindikudziwa chomwe ndikunena, amayi. M'chipinda muno mwachita zii, ndipo munthu ukakhala wekha umaganiza zambiri.

Gologolo, mawaya uzilumikiza bwino. Ngakhale mwini nyumba akufulumize, ngakhale akuuze kuti gula otchipa, iwe ukane. Wina akalakwitsa ndi palafini amati ngozi, koma iwe ukadzalakwitsa kamodzi adzakuimba pa wailesi. Ndamva kuti wapeza ntchito yoika pa kachipatala ka kutsidya. Ndauza aliyense payadi, ngakhale omwe sanandifunse.

Ndalama yachepa mwezi uno, ina ndinathandizira ulendo wa mnzanga. Mundikhululukire.

Mwamuna wanu,
Bambo a Gologolo

24 Ogasiti

Amake Gologolo,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Zikomo chifukwa cha mawu achipepeso, ndinauza Wometa awabwereze. Bondo likuti bwanji ndi mphepo imeneyi? Ine ndili bwino ndithu, musamamvere maloto.

Kuntchito andichotsa ku sitima, andiika pageti. Ntchito yake ndi kutsegula, kutseka, ndi kukhala pampando. Kapitawo akuti ndi ulemu wa ukulu. Malipiro atsikako pang'ono, ndiye muona kuti envelopu yapepuka. Nkhuku zikachuluka mugulitseko, koma tambala asagulitsidwe, ndili ndi uthenga wake.

Ndinapita kuchipatala, osati chifukwa chodwala, koma kuntchito analamula kuti tonse akuluakulu atiyeze. Namwino wake ndi wolongolola ngati mchemwali wanu. Anandipatsa kamakina kakang'ono ngati buledi, kokhala ndi kapaipi. Umathiramo mankhwala, kamalira ngati njuchi, iwe n'kumapuma nthunzi yake. Ndi zinthu za masiku ano, amangopatsa aliyense. Kamafuna magetsi, ndiye poti m'chipinda mwathu soketi inafa kalekale, ndimatsikira kwa Wometa m'mawa asanatsegule ndi madzulo akatseka. Iye amati ndimaoneka ngati woyendetsa ndege.

Za tchuthi cha Okutobala, musandidikire. Ntchito ya pageti ilibe wondilowa m'malo. Mwina Disembala, mwina chaka chamawa, tiona. Musakonze kalikonse, ndipo musadandaule. Kuno ndinazolowera.

Chigwa chija ayamba kuchisalaza. Mbuzi azisamutsira kumtunda, ndipo mayi uja akuti msipu wake ndi wochepa. Anthu akadali kukalipa. Ndili pageti ndimaona magalimoto a kampani akudutsa, ndipo tsiku lina mtsikana uja anandibayibitsa. Ndinakweza dzanja pang'ono, poti munthu wakupatsa madzi sumubisira dzanja.

Gologolo, pali mafunso, koma akufunsa ndi Wometa, osati ine. Akuti sola ya pakhola ija, mwezi wa mitambo uja inazima kangati? Akuti batire likadzaza masana, lingayendetse kamakina kakang'ono, tinene ngati kometera, m'mawa kwambiri dzuwa lisanatuluke? Nanga kukachita mvula ya masiku angapo? Akuti umuyankhe zoona zokhazokha, osati zotsatsa malonda. Ine ndangomuperekera mafunsowo.

Wometa wandiwerengera ndipo zonse zili momwe ndanenera.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Gologolo

Mayi, ndine Wometa, mzere uwu sindinawawerengere. Ine sindinafunse kanthu. Makina anga ometera ali bwinobwino.

21 Seputembala

Amake Gologolo,

Moni. Mwadzuka bwanji? Za ine mukudziwa kale, poti ndili ndi mlembi wa pakamwa pobooka. Ali pano akulemba, mutu uli pansi ngati mwana wakuba shuga. Ndinalumbira kuti sindidzametetsanso kwa iye, koma wometa wina ali kutali ndipo kuli chitunda.

Kalata yanu anandiwerengera yonse, sanadumphe ngakhale pomwe munanditcha nkhutukumve. Mwati zaka zonsezi mwandidikira ndi nyali, simundidikiranso chifukwa cha malata. Mwati ngati denga ndi lopatulika chotere, ndibwere basi, muzikandikhazika m'khola m'mawa ndi madzulo, ndizikapuma nthunzi yanga pakati pa nkhuku. Amayi, ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwetsa pampando, kenako Wometa anatuluka panja kuti ndikhale ndekha pang'ono.

Ndinene zoona tsono. Ntchito yatha. Adokotala anati fumbi ladzaza m'mapapo ndipo silituluka, koma ndikachoka pafumbi n'kumagwiritsa ntchito kamakinako osadumphitsa, ndikhoza kukhala nanu zaka. Pageti anangondisungirapo mpaka mapepala a ndalama yanga yopumira atuluke. Chomwe chimandiletsa kubwera si geti ayi. Ndimaopa kubwera ndi kamakina kofuna magetsi m'nyumba yomwe ine ndemwe ndinakaniza magetsi. Foni ndinasiya kuimba kuti musamve momwe ndikupumira.

Malasha sindiwatukwana. Munthu satukwana mbale yomwe wadyera. Ndiponso funso la mayi wa mbuzi lija mpaka lero silinayankhidwe, ndipo akampani ayenera kuliyankha. Koma ndinaima muholo n'kunena kuti malasha sanandilakwirepo, ndipo chifuwa changa chomwe chinanditsutsa pamaso pa anthu.

Gologolo, mwana wanga, mayankho ako ndamva. Wati ya pakhola ndi yaing'ono, inazimapo nthawi ya mitambo, ndipo kamakinako pamodzi ndi magetsi a m'nyumba zifunika mapanelo anayi ndi batire lalikulu. Sunandinamize, ndipo chifukwa cha chimenecho ndakukhulupirira. Tsono tamvera bwino, usadumphe mawu.

Boola denga.

Uike mbali yoyang'ana kumsewu, ndiko dzuwa limakhalitsa, mtengo wa kuseri suphimbako. Mtanda wa pakati ndi wolimba, umangirire pamenepo. Lata lachiwiri kuchokera kumapeto, pamwamba pa chipinda chathu, ndi lopyapyala, usalipondepo pakati, uziponda pomwe pali misomali. Bowo lililonse ulimate bwino, amako akadzadonthedwa ndi madzi tidzakambirana. Batire ugule latsopano, ndalama yopumira ikatuluka ndikutumizira, usatenge zakale za pamsika. Nkhuku usazilande zawo, zinakukhulupirira ine ndisanakukhulupirire.

Ndipo usakwere mobisa. Ukwere tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, anthu akudutsa pamsewu. Uvale ovolosi yako ndi nsapato zija. Wagolosale akafunsa, amako amuuze mokweza kuti alamula ndi bambo ake, eni denga.

Ndine mwamuna wanu, nkhutukumve yanu,
Bambo a Gologolo

12 Okutobala

Amake Gologolo,

Moni wa masiku otsiriza kuno. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona: masitepe ndikukwera mopumira, koma ndikukwera.

Ndamva kuti babu layaka m'chipinda chathu, ndipo mwaona akangaude omwe akhala nafe zaka zonsezi osalipira lendi. Ndamva kuti anthu anaima pamsewu mpaka ogulitsa tomato anasiya malonda, ndi kuti nyumba ziwiri zija zatumizanso mawu. Zoti Wagolosale anafunsa mtengo wake monong'ona, musamuseke. Mwana akamuikire bwino ngati wina aliyense.

Ndinyamuka Lachisanu ndi dalaivala wathu yemwe uja, ndifika Loweruka masana. Katundu ndi wochepa: sutikesi, kamakina, chithunzi cha satifiketi, ndi fosholo ya mnzanga. Dalaivala amakana fosholoyo, ndinamuuza kuti ikatsala nanenso nditsala. Wometa wakana ndalama ya makalata onsewa. Akuti ndidzamutumizire dzira limodzi la nkhuku ya magetsi aone ngati limawala.

Amayi, mumange chingwe pabwalo. Malaya oyera aja ndibwera nawo osachapa dala. Ndikufuna muwachape, tiwayanike panja, ndikhale pakhonde ndiziwayang'ana akuuma ali oyera.

Gologolo, wati mapanelo atatu akwera, latsala limodzi poti zomangira zinaperewera. Zikapezeka usafulumire. Atatuwo andisunga masiku ochepa. Panelo lachinayilo lidikire ine. Kukwera sindingathe, kunyamula sindingathe, ndipo za mawaya sindidziwa kanthu. Koma manja awa agwira fosholo moyo wanga wonse ndipo sanaterereke. Iwe ukakwere, makwerero ndidzagwira ndine.

Ndine wanu amene akubwera,
Bambo a Gologolo